Mmodzi akathawa, mlandu usaime

Nkhani yotere siyachilendo m'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde. Anthu anayi amapangana, usiku n'kuthyola khola la munthu ndi kutulutsa ng'ombe. Kukacha eni mudzi amalondola mapazi, atatu n'kugwidwa, koma wachinayi, yemwe amadziwa tinjira tonse ta m'dambo, amadumpha msewu ndipo pofika madzulo amakhala ali kale kwa azakhali ake ku Dedza kapena ku Ntcheu. Atatu aja amapita nawo kupolisi, kenaka kukhoti. Apa m'pamene pamabuka funso limene limagawanitsa anthu pamudzi: kodi woweruza agamule mlandu wa atatuwo mnzawo palibe, kapena adikire mpaka onse anayi atakwanira?

Abale a ogwidwawo amati kugamula n'kulakwa. Iwo amati wothawayo ndiye mwini nzeru, ndiye adazonda khola, ndiye adapeza wogula, ndipo ana awo adangotengeka. Choncho popanda iyeyo chilungamo sichingaoneke. Mwini ng'ombe naye amati kudikira n'kumuseka. Ng'ombe zake zidapita, ngolo yaima, mbatata ya kachewere ikuolera kumunda chifukwa chosowa chonyamulira, ndipo akuona kuti akuba akufuna kubisala kumbuyo kwa munthu amene sadzabwera.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma yankho loyenera ndi lakuti mlandu upitirire. Amene ali m'manja mwa boma aweruzidwe, aliyense pa zimene iye mwini adachita, ndipo wothawayo asaiwalike: tsiku limene adzagwidwe adzamvedwe ndi pakamwa pake. Njira imeneyi ili ndi zovuta zake, koma ndi yokhayo imene silanga munthu chifukwa cha liwiro la mnzake.

Kusamvana pa nkhaniyi kuli ndi gwero lake. Pabwalo la mfumu mlandu sukambidwa mbali imodzi palibe. Munthu akazemba, nyakwawa imaitana mwini mbumba kapena malume ake, iwo n'kukhala pansi m'malo mwake, ndipo chindapusa chikagamulidwa mbuzi imachoka m'khola la banja lonse. Ndilo tanthauzo la mawu aja akuti nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Mwambo umenewu uli ndi nzeru, pakuti cholinga cha bwalo la mfumu n'kuyanjanitsa anthu amene mawa adzakumanenso pachitsime ndi pamaliro. Makhoti a m'midzi, amene adakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992 ndipo pa Chipwitikizi amatchedwa tribunais comunitários, nawonso amayenda mwa mzimu womwewo pa milandu ing'onoing'ono.

Koma khoti la boma likamazenga mlandu wakupha, wolanda ndi mfuti kapena wakuba ziweto, chilango chake ndi ndende, ndipo ndende salowerana. Malamulo aakulu a dziko la Moçambique, a chaka cha 2004, amanena pa ndime 61 kuti chilango sichisamuka kuchoka kwa wolakwa kupita kwa munthu wina. Malume sangagwire ukaidi wa mwana wa mlongo wake, mkazi sangagwire wa mwamuna wake, ndipo mnzake wa m'gulu sangasenze zaka za amene wathawa. Ndime 59 imati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litagamula kotheratu, pamene ndime 62 ndi 65 zimamupatsa ufulu wodziteteza ndi wokhala ndi womuimira. Pa mfundo ziwiri zimenezi, yakuti aliyense asenze katundu wake ndi yakuti aliyense amvedwe, m'pamene pagona nkhani yonse.

Mlandu umene udaonetsa bwino zimenezi m'dziko muno ndi wa imfa ya mtolankhani Carlos Cardoso. Udaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema pamene umazengedwa, kotero kuti ngakhale anthu a kutali ndi Maputo adatha kuutsatira. Cardoso adali mkonzi wa nyuzipepala ya Metical, ndipo adali kufufuza za ndalama zokwana pafupifupi madola 14 miliyoni a ku America zimene zidabedwa kubanki ya Banco Comercial de Moçambique mu 1996. Madzulo a pa 22 Novembala 2000, akuchokera kuntchito, galimoto lake lidatchingidwa mumsewu wa mumzinda wa Maputo ndipo adawomberedwa n'kufera pomwepo. Dalaivala wake adavulala kwambiri koma adapulumuka.

Anthu asanu ndi mmodzi adamangidwa. Atatu adaimbidwa mlandu wolamula ndi kulipira chiwembucho: Vicente Ramaya, yemwe adali mkulu wa nthambi ina ya banki ija, ndi amalonda awiri apachibale, Ayob Abdul Satar ndi Momade Assif Abdul Satar, wodziwika kuti Nini. Atatu enawo adaimbidwa mlandu wochita chiwembucho ndi manja awo: Carlitos Rachide Cassamo, Manuel Fernandes ndi Aníbal dos Santos Júnior, amene dziko lonse limamudziwa kuti Anibalzinho. Anibalzinho ndiye adali mkhalapakati wa magulu awiriwa, pakuti ndiye ankanenedwa kuti adalandira ntchitoyo kwa olipira n'kupeza anyamata oigwira.

Pa 1 Sepitembala 2002, kutatsala miyezi iwiri ndi theka kuti mlandu uyambe, Anibalzinho adazimiririka m'ndende ya chitetezo chokhwima ya ku Machava, yotchedwa BO. Anthu adafunsa kuti adamutsegulira ndani, ndipo ambiri adaganiza kuti adathawitsidwa dala ncholinga choti mlandu ufe. Khoti la mzinda wa Maputo, motsogozedwa ndi woweruza Augusto Paulino, silidadikire. Mlandu udayamba pa 18 Novembala 2002 asanu ali pabenchi, winayo akuzengedwa palibe, zimene pa Chipwitikizi amati julgamento à revelia. Pa 31 Januwale 2003 chigamulo chidawerengedwa ndipo onse adapezeka olakwa. Asanu aja adapatsidwa zaka za pakati pa 23 ndi 24, pamene Anibalzinho adapatsidwa zaka 28 ndi miyezi isanu ndi umodzi. Dzulo lake la chigamulocho apolisi a ku South Africa adali atamugwira ku Pretoria, koma nthawi yomumvera pa mlandu umenewo idali itadutsa.

Nkhani sidathere pamenepo. Mu Meyi 2004 adathawanso, ulendo uno n'kukafika ku Canada, kumene adamubweza kumayambiriro kwa 2005. Khoti lalikulu la dziko lino, Tribunal Supremo, lidagamula kuti popeza adaweruzidwa palibe pa mlandu waukulu chotere, adali ndi ufulu wozengedwanso iye ali pomwepo. Mlandu wachiwiri udayamba kumapeto kwa 2005, mboni zidaitanidwanso, iye adayankhula mbali yake, ndipo mu Januwale 2006 khoti lidamupezanso wolakwa n'kumupatsa zaka pafupifupi 30. Mu Disembala 2008 adathawa kachitatu, n'kugwidwanso ku South Africa mu 2009. Milandu iwiriyi idazengedwa potsata buku lakale la kazengedwe ka milandu, la 1929, limene lidalowedwa m'malo ndi latsopano lovomerezedwa mu 2019, koma mfundo za m'malamulo aakulu zija zilipobe.

Wina anganene kuti khoti lidapupuluma, pakuti likadadikira miyezi itatu yokha Anibalzinho akadakhala pabenchi pamodzi ndi anzake ndipo sipakadafunika mlandu wachiwiri. Koma zimenezi n'zodziwika lero. Mu Novembala 2002 padalibe amene akadalumbira kuti munthuyo adzapezeka, ndipo kuthawa kwake kwa 2004 ndi 2008 kukusonyeza mtundu wa munthu amene khoti likadakhala likumudikira. Woweruza akanena kuti sazenga mlandu mpaka onse atakwanira, ndiye kuti wapereka makiyi a khoti kwa wothawa. Gulu lililonse la akuba lingaphunzire msanga kuti njira yophera mlandu n'kuthawitsa mmodzi, ndipo kuno kumalire kuthawitsa munthu sikulira ndalama.

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu waukulu wa Malawi umayenda m'malire enieni, kotero kuti pamsika wa Lizulu munthu amagula kabichi m'dziko lina n'kukamwa tiyi m'dziko lina. Zipata za Calómuè, Biri-Biri, Zóbuè ndi Cassacatiza n'za magalimoto ndi anthu a mapasipoti. Wapansi ali ndi njira zake zosawerengeka. Pa nthawi ya nkhondo anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo pobwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Roma la 1992 ambiri adasiya kumeneko ana, azilamu ndi apongozi. N'kovuta kupeza banja la m'malire lopanda mbale mbali inayo. Wothawa amafika poti alandiridwa ndi nsima, pamene kumubweza kudzera m'maboma awiri ndi ntchito ya makalata ambiri ndi miyezi yambiri, ngakhale kuti mayiko a SADC adasainirana pangano lobwezerana othawa milandu mu 2002.

Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo pamudzi mawuwa ndi oona, chifukwa adzukulu amakumbukira zimene agogo adalakwirana. Kukhoti la boma mlandu umaola. Mboni imene idaona akuba akudutsa ndi ng'ombe padambo chaka chamawa idzakhala ili ku Moatize pa ntchito ya malasha kapena ku Joni, ina idzakhala itamwalira, ina idzakhala itaopsezedwa n'kuiwala dala. Amene adaona nkhope pa kuwala kwa mwezi sangaikumbukire bwino patapita zaka zitatu. Lamulo lenilenilo limaika zaka zimene zikadutsa boma silingathenso kuzenga mlandu, zimene amati prescrição. Choncho mwezi uliwonse wodikira umathandiza wolakwa n'kupweteka wodandaula.

Kudikira kumapwetekanso ogwidwawo, makamaka amene pakati pawo ndi wosalakwa. Munthu wosungidwa podikira mlandu amakhala asanapezeke wolakwa, ndipo ndime 64 ya malamulo aakulu imati kusungidwa kotere kukhale ndi malire a nthawi oikidwa ndi lamulo. Mwa atatu ogwidwa aja mwina mmodzi adangobwereketsa chingwe osadziwa ntchito yake, kapena adangokumana ndi gululo panjira pochokera kumowa. Ameneyu akufunika kuonekera msanga pamaso pa woweruza kuti abwerere kumunda kwake mvula isanagwe. Abale amene amapempha kuti mlandu udikire wothawa sazindikira kuti akupempha kuti mwana wawo akhalitse m'chitokosi chifukwa cha munthu amene akumwa thobwa kwa azakhali ake.

Pali njira inanso imene makhoti amatsata, yopatula mlandu wa amene palibe n'kuusunga padera, otsalawo n'kuzengedwa okha. Izi zidaoneka pa mlandu wa ngongole zobisika, dívidas ocultas, za madola oposa 2 biliyoni, zimene makampani atatu, ProIndicus, Ematum ndi MAM, adatenga mu 2013 ndi 2014 boma litalonjeza kuti lidzabweza iwo akalephera. Amene adasaina malonjezowo, Manuel Chang, yemwe pa nthawiyo adali nduna ya zachuma, adamangidwa ku Johannesburg mu Disembala 2018, ndipo mayiko awiri, Moçambique ndi United States, adamulimbirana kwa zaka zinayi ndi theka. Khoti la ku Maputo silidamudikire. Anthu 19 adazengedwa kuyambira Ogasiti 2021 m'tenti imene idamangidwa m'bwalo la ndende yomwe ija ya BO, pamaso pa woweruza Efigénio Baptista, ndipo mu Disembala 2022 anthu 11 adapatsidwa zaka za pakati pa 10 ndi 12, pamene anthu 8 adamasulidwa. Chang adatumizidwa ku United States mu Julayi 2023, adapezeka wolakwa ku New York mu 2024, ndipo mu Januwale 2025 adapatsidwa zaka 8 ndi theka.

N'zoona kuti kusowa kwa Chang kudasiya mafunso amene eni dziko sadamve mayankho ake kuchokera pakamwa pake m'khoti la kwawo. Koma khoti likadadikira, anthu 8 amene adamasulidwa aja akadakhalabe ndi dzina la oganiziridwa kwa zaka zina zambiri, ndipo munthu wodikiridwayo adakathera ku New York. Ngati maboma adatenga zaka zinayi ndi theka pa nkhani ya nduna imene aliyense ankadziwa ndende imene idalimo, palibe angalonjeze mlimi wa ku Domué tsiku limene wakuba ng'ombe zake adzabwezedwe kuchokera kumudzi wosadziwika wa mbali inayo.

Komabe kuzenga mlandu mmodzi palibe kuli ndi mbuna zake, ndipo woweruza wosasamala amagweramo. Mbuna yoyamba ndi yakuti amene palibe sayankha. Atatu amene ali pabenchi amadziwa zimenezi, ndiye aliyense amatula katundu wake pamutu pa wothawayo: ndiye adabwera ndi chikwanje, ndiye adamenya mnyamata wogona kukhola, ndiye adatenga ndalama zonse. Paja amati khoswe wa padenga adaulula wa padzala, koma khoswe wogwidwa amathanso kunama kuti apulumuke. Mawu a woimbidwa mlandu onena za mnzake sayenera kutengedwa ngati umboni wokwanira pawokha. Ayesedwe ndi zinthu zina: ng'ombe zidapezeka m'khola la yani, wogula adapereka ndalama kwa yani, mboni zidaona nkhope ziti, ndipo kodi zimene atatuwo akunena zikugwirizana akafunsidwa payekhapayekha. N'chifukwa chake ngakhale wozengedwa palibe ayenera kukhala ndi loya womuimira, woti azifunsa mafunso m'malo mwake.

Pa mlandu wa Cardoso padachitikanso chinthu choyenera kukumbukiridwa. Ena mwa oimbidwa mlandu adatchula dzina la Nyimpine Chissano, mwana wa yemwe adali Pulezidenti pa nthawiyo. Iye adaitanidwa kukhoti n'kukana zonse, ndipo khoti silidamuweruze chifukwa sadali m'gulu la ozengedwa. Adamwalira mu 2007 asanazengedwe, kotero kuti palibe khoti limene lidamupeza wolakwa. Anthu angaganize zimene akufuna, koma lamulo limasiyanitsa kutchulidwa ndi kupezeka wolakwa, ndipo lamulo limeneli liyenera kuteteza mwana wa mlimi monga momwe lidatetezera mwana wa Pulezidenti.

Mbuna yachiwiri ndi yoopsa kwambiri kwa anthu a m'malire. Sikuti aliyense amene palibe wathawa. Mnyamata amachoka pamudzi kupita kuganyu ya fodya ku Kasungu, kapena kumigodi, kapena kukagula malonda ku Lilongwe, n'kukhala miyezi isanu ndi umodzi osamva kuti dzina lake latchulidwa kupolisi. Kumudzi kulibe nambala za nyumba, ambiri amadziwika ndi mayina a mfunda kapena ongopatsidwa pamasewera, ndipo mudzi umodzi ukhoza kukhala ndi anthu atatu a dzina limodzi. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu pa umzika ndi ndale, limene Moçambique idalowamo mu 1993, limati pa ndime 14 munthu ali ndi ufulu wozengedwa mlandu iye alipo. Wothawa dala amadzimana yekha ufulu umenewu, koma amene sadamve n'komwe sadadzimane kanthu. Khoti lisanamutche munthu wothawa lionetse kuti lidayesetsa kumudziwitsa kudzera kwa mfumu, kwa sekeletale wa dera ndi kwa abale ake, ndiponso kuti dzina lolembedwa papepala ndi la munthu weniweni amene mboni zidamuona. Pamene pali chikaiko, njira yabwino ndi yopatula mlandu wake n'kuusunga, otsalawo n'kuweruzidwa.

Mbuna yachitatu ndi mkwiyo. Mtsogoleri wa gulu akathawa, anthu amafuna kuti amene agwidwa alipirire onse, ndipo nthawi zina amadandaula akamva kuti wina wapatsidwa zaka zochepa kapena wamasulidwa. Izi sizitanthauza kuti amene adangolondera panja anzake akuthyola khola alibe mlandu, ayi. Lamulo limalanga wopangana nawo ndi wothandiza, osati wogwira chingwe yekha. Koma zaka zimene zikadapita kwa wothawa sizingagawidwe kwa otsala ngati nyama ya pamaliro. Pa mlandu wa Cardoso chilango chachikulu chidapita kwa amene padalibe, ndipo aliyense wa asanu aja adalandira chake.

Pali cholakwa china chimene chimachitika chigamulo chikaperekedwa. Atatu akapita kundende, mapepala amatsekedwa, wodandaula amatopa ndi maulendo a kuboma, ndipo wachinayi amaiwalika. Pakapita chaka amabwerera mwakachetechete, poyamba usiku, kenaka masana, mpaka kumapezeka pamsika akugulitsa nyama. Zikatero anthu amaona kuti lamulo limagwira opanda liwiro okha, ndipo achinyamata amaphunzira kuti wochenjera ndi wothawa. Kuweruza amene alipo kuli ndi phindu pokhapokha ngati chikalata chomangira amene palibe chikhala chamoyo. Apolisi a PRM, ofufuza milandu a SERNIC ndi oimira boma pa milandu ayenera kudziwitsa wodandaula pamene nkhani ya wothawa yafika, ndi kutumiza dzina lake kwa anzawo a ku Malawi kapena ku Zambia, m'malo modikira kuti mwini ng'ombe achite kukumana naye yekha pamsika.

Anthu a m'midzi nawonso ali ndi gawo lawo. Loyamba ndi la mboni. Munthu amene adaona apite kukhoti tsiku limene waitanidwa, ndipo anene zimene maso ake adaona, osati zimene mudzi ukunena. Milandu yambiri imene anthu amati yafa chifukwa cha wothawa imafa chifukwa mboni zidakhala kunyumba. Lachiwiri ndi la abale a mbali inayo. Kulandira mlendo ndi mwambo wabwino, koma mwana wa mlongo akafika usiku wopanda katundu, wosafuna kutuluka masana, mwini nyumba ayenera kufunsa chimene chamuthamangitsa. Kumubisa n'kuitana mlandu pakhomo, ndipo ng'ombe zimene zikubedwa uku lero mawa zidzabedwa uko, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lachitatu ndi la eni mudzi amene aberedwa. Kugwira mkazi kapena mayi wa wothawa ngati chikole, kulanda mbuzi za m'bale wake kapena kutentha nkhokwe ya kwawo n'kuphwanya lamulo, ndipo wochita zotere amasanduka woimbidwa mlandu iye mwini. Choipa koposa n'kupha amene agwidwa poopa kuti nawonso athawa kapena amasulidwa. Dziko lino lidathetsa chilango cha imfa mu 1990, ndipo chimene woweruza saloledwa kuchita gulu la anthu okwiya silingaloledwe. Komanso wakuba wophedwa amapita kumanda ndi mayina a anzake ndi a wogula, kotero kuti wothawa uja amagona tulo tabwino usiku umenewo.

Mabanja a ogwidwa adziwe kuti wosauka naye ali ndi ufulu wa womuimira. Bungwe la boma la IPAJ, limene lidakhazikitsidwa mu 1994, lilipo kuti lithandize pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya. M'malo mopempha kuti mlandu uimitsidwe, banja lipemphe womuimirayo kuti aonetse bwino gawo lenileni la mwana wawo, aitanitse mboni zake, ndipo ngati chigamulo sichikuwakhutiritsa achite apilo nthawi yake isanathe. Nalo banja la wothawa limuuze zoona: kuthawa sikufafaniza dzina papepala, ndipo kumapatsa anzake mpata wonena chilichonse chokhudza iye popanda wowatsutsa. Wosalakwa amapindula akabwera yekha n'kudziyankhira mboni zikadali ndi moyo. Wolakwa asaganize kuti kuchedwa kumachepetsa zaka; Anibalzinho atazengedwanso iye alipo adalandira zaka zambiri kuposa zimene adapatsidwa palibe.

Choncho atatu a ng'ombe aja aweruzidwe chaka chomwecho. Wolakwa apite kundende pa zimene iye adachita, wosalakwa abwerere kumunda, ndipo mwini khola amve ndi makutu ake kuti boma lidamva dandaulo lake. Malo a wachinayi pabenchi asungidwe, dzina lake likhale m'buku la apolisi a mbali zonse ziwiri, ndipo tsiku limene adzadumphenso msewu kubwera kwawo adzapeze woweruza wokonzeka kumumvera kuyambira pachiyambi. Khoti likatero, mawu a akuluakulu akuti mlandu suola adzakhala oona ku Ulónguè ndi ku Furancungo monga momwe alili oona pansi pa mtengo wa mfumu.